Amake Mipando a ku Chalimbana

Mbiri yomwe inanenedwa pamanda a amayi aakulu inali yaifupi kuposa pemphero la chakudya. Mkulu wa mpingo anaimirira nati malemu Tikambenji Mbewe anabadwira ku Katete, anakwatiwa, anabereka ana awiri koma wotsala ndi mmodzi, anali wa chigwirizano cha amayi, anadwala, anamwalira. Za ntchito yawo anangoti anali mayi wa bizinesi. Mphepo ya mu Ogasiti inkatithira fumbi m'maso, anthu anali atatopa, ndipo anyamata anayamba kukwirira. Chaka chatha tsopano, koma mawu akuti "wa bizinesi" aja sanandichoke pamtima. Pa Chalimbana ponse panalibe amene ankawatchula choncho. Ankati Amake Mipando, ena mowalemekeza, ena mowaseka, ndipo m'zaka zomaliza ena ankalitchula dzinali motsitsa mawu.

Iwo anali akulu awo a amayi anga. Ndinafikira kwawo nditabwera kudzaphunzira uphunzitsi, ndipo nditakwatiwa tinamanga pa poloti yoyandikana ndi yawo, moti zambiri zomwe ndikunena pano ndinaziona ndekha.

Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo zikhatho zawo zinali zokhakhala moti akakupatsa moni umamva ngati wagwira khungwa. Pamwamba pa diresi ankavala jekete lakale la amuna awo, matumba ake olemera ndi misomali. Msomali wopindika sankautaya. Madzulo, anzawo akusenda mtedza, iwo ankakhala ndi mwala ndi kanyundo, kuwongola misomali umodziumodzi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yomwe sankaimaliza.

Munthu ameneyu sankakhala pampando asanaugwedeze. Kaya ndi kuchipatala, kaya kwa abusa, kaya pamaliro, ankaugwira kumsana, kuupendeketsa uku ndi uku, kenako n'kuwerama kuununkhiza. Tebulo ankalisuzumira kunsi ngati munthu wogula mbuzi. Tinkachita nawo manyazi. Tsiku lina ku boma ku Chongwe, tikudikira pa ofesi ina, anauza mlonda kuti benchi lomwe tinakhalapo silifika Khirisimasi. Mlondayo atawafunsa ngati iwo ndi kalipentala, anamuyankha kuti kalipentala amadula mitengo yamoyo, pomwe iwo amadzutsa yakufa.

Yakufayo ankaitola kulikonse. Ophunzira akamaliza maphunziro ankawasiyira mashelefu ndi timatebulo. Mipingo itayamba kugula mipando ya pulasitiki, mabenchi ake akale anathera pakhonde pawo. Akamva kuti famu ina ya ku Palabana yagulitsidwa ndipo eni ake akusamuka, ankalawirira pa njinga ya hayala, n'kubwerako madzulo akuyenda pambuyo pa ngolo yodzaza zitseko, makabati opanda magalasi ndi miyendo ya mabedi. Makondakitala a maminibasi ankawadziwa bwino. Akawaona aima pamsewu ndi wadiropu, ankadutsa osaimba n'hutala yomwe.

Chinthu chikafika sichinkalowa m'nyumba tsiku lomwelo. Chinkayamba chagona padzuwa masiku angapo, miyendo ili m'mwamba. Ankathira madzi owira m'malumikiziro monse kuti aphe nsikidzi ndi mazira ake. Siponji yakale ankaichotsa yonse ngakhale ikuoneka yabwino, chifukwa ankati siponji imasunga thukuta ndi chifuwa cha mwini wake. Kenako ankakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kuchiyang'ana chinthucho nthawi yaitali. Chomwe chinkatuluka pamenepo sichinkakhala chomwe chinabwera. Chitseko cha mukwa, mtengo womwe kwathu timati mlombwa, chinkasanduka tebulo lodyerapo. Madirowa a kabati yothyoka ankawakhomera kukhoma n'kukhala poika makapu. Kumutu kwa bedi kunkakhala kotsamira kwa benchi, ndipo miyendo yachitsulo ya makina osokera inkanyamula beseni losambira m'manja. Zokhoma zovuta ankaitanira kalipentala wa pamsika, koma ankamuimirira pamutu mpaka munthu kulumbira kuti sadzabweranso. Makushoni ankasoka okha ndi zitenje zotha, akusankha mbali zomwe maluwa ake sanafufuke. M'nyumba mwawo munalibe mipando iwiri yofanana, ndipo podutsa pankafunika kuyenda cham'mbali, koma alendo ankachedwa kutsanzika. Munali mozizira bwino, mawindo otsegula, mosanunkha kanthu.

Za kununkhazo ndiye chinali chiphunzitso chawo, ndipo chinachokera patali. Amuna awo ankakama ng'ombe pa famu ina ku Palabana. Atamwalira, amayi aakulu anatulutsidwa m'nyumba ya pafamu, nakapeza ntchito yosesa m'maofesi ku Lusaka, akukhala m'kachipinda kamodzi ka mu komboni ndi ana awo awiri. Kachipindako kanalibe windo, ndipo khoma lake linali lakuda ndi chinyontho. Mwana wawo woyamba, Gabiriyele, anadwala chifuwa m'menemo mpaka kumwalira asanayambe sukulu. Sankamutchula kawirikawiri, koma kuyambira pamenepo mpweya wa m'nyumba unakhala nkhani yawo ya moyo wonse. Ku maofesi kuja anaona matebulo olemera akutayidwa kuseri, pamvula, m'malo mwake mukulowa onyezimira opangidwa ndi utuchi wopanikiza ndi guluu. Ankati m'mawa akatsegula ofesi yotere, fungo linkawamenya pamphumi, maso n'kuyamba kuyabwa. Anapempha tebulo limodzi lotayidwalo, nalikonza, napeza wolifuna, ndipo ntchito inayambira pamenepo. Patapita zaka anapeza malo kuno, kukadali tchire ndi minda.

Ankati katundu watsopano amapuma, ndipo mpweya wakewo ndi umene ana amagona nawo mpaka kucha. Thabwa lakale ankati linapumira kale m'nyumba za eni ake, ife timalilandira litatha ukali. Mphuno yawo ankaikhulupirira kuposa china chilichonse. Chosanunkha, kwa iwo, chinali chabwino.

Chiphunzitsochi sankachisunga mumtima. Anthu a ku Lusaka atayamba kugula mapoloti kuno n'kumamanga nyumba za matailosi, tsidya la msewu kunabwera ba Mwape, mayi wogwira ntchito m'boma, wa mpingo wathu womwe. Atamaliza nyumba anaitana amayi a chigwirizano kuti akaipempherere. Tinalowa, tinakhala pa masofa akadali m'mapulasitiki, moyang'anana ndi kabati yaikulu ya TV yotenga khoma lonse. Nyimbo yoyamba isanathe, amayi aakulu anadzuka n'kuyamba kutsegula mawindo limodzilimodzi.

"Ba Nambewe, n'chani?" anafunsa ba Mwape. "Fumbi lizalowa."

"Fumbi lili bwino. Muno mununkha monga mogulitsa mabokosi a maliro."

Nyimbo inaduka. Ena anayang'ana pansi, ena anabisa pakamwa ndi nsalu.

"Nakuitanani kuti mupemphere," anatero ba Mwape, "osati kununkhiza."

"Nipemphera bwanji mutu uwawa? Muli na ana ang'ono imwe. Ivi vinthu vitulutseni panja vipume."

"Kuti niike votola pa marabishi monga kwanu?"

Amayi aakulu anatola Baibulo lawo n'kutuluka. Kwa zaka zingapo awiriwa ankadutsana pamsewu ndi pakhomo la tchalitchi osapatsana moni. Kunena zoona, amayi aakulu anali ndi pakamwa powawa, ndipo kupepesa sankakudziwa.

Amene anamva kuwawa kwa pakamwapo kuposa tonse anali mwana wawo wotsala, Jesi. Iye anakulira m'nyumba yomwe chilichonse chinali ndi mwini wake woyamba. Anzake akusukulu akabwera ankaloza n'kumati desiki ili linali la kalasi yathu, benchi ilo la tchalitchi chathu, ndipo Jesi ankalumbira kuti akadzakula sadzakhala pa chinthu chomwe wina anakhalapo kale. Pokwatiwa, amayi ake anamukonzera kabati ya mukwa yomwe anaisunga zaka zambiri. Jesi anathokoza pamaso pa anthu, koma kabatiyo sanainyamule. Anati ku Lusaka zitseko n'zazing'ono.

Mwamuna wake, ba Chanda, anali munthu wofatsa wa ku Kasama, yemwe ankatchula apongozi ake kuti ba mayo, ndipo onse awiri ankagwira ntchito. Mwana wawo woyamba, mtsikana, anamutcha Mapalo. Khandalo linkatsokomola kosalekeza, mankhwala osathandiza. Amayi aakulu atapita kukaliona anapeza kuti likugona pakati pa wadiropu yatsopano ndi khoma lopakidwa penti kumene, m'chipinda chotseka. Anabwerako mtima uli m'malere, ndipo sanamupatse Jesi mtendere mpaka mwana atasiya kuyamwa n'kubwera kudzakhala nawo kuno. Sipanapite nthawi, chifuwa chinatha. Mwana ananenepa, nayamba kuthamangitsa nkhuku. Amayi aakulu anauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, ndipo pouza ankakweza mawu kuti afike tsidya la msewu.

Mdzukulu wawoyo anamukonzera kabedi komwe anakapeza pa famu ina yakale. Kanali kabedi ka mwana kokhala ndi mpanda wa timitengo kuzungulira, kolemera, kopakidwa penti wobiriwira wokhuthala, ndipo pomwe wobiriwirayo anasupuka pankaoneka woyera pansi pake. Anakathira madzi owira, nakaanika, nasoka kamatiresi ka thonje. Pentiyo sanamupale. Anamununkhiza, nati anauma iwo akadali namwali, alibenso mpweya. Mapalo mano akamamuyabwa ankaimirira m'kabedimo n'kumatafuna thabwa la pamwamba, ndipo ife tinkaseka. Ambuya ake ankamutcha kambewa. Chaka chomwecho anapeza zitseko ndi mafelemu a mawindo a nyumba ina yakale yomwe inkagwetsedwa, ndipo chilimwe chonse ankazipala pakhonde ndi galasi losweka ndi sandipepa, fumbi loyera likugwera pansi ngati ufa. Mwana ankakhala pambali pawo, kutola timakoko ta penti, kudya mbatata ndi manja omwewo.

Matenda anabwera mwakachetechete. Mapalo anayamba kukana chakudya, kugwira pamimba, kulira kosatonthozeka. Zikhatho zinayera. Mawu ochepa omwe anali atayamba kunena, "ambuya", "madzi", "pusi", anazimirira limodzilimodzi. Ku kiliniki anamuyeza malungo osawapeza, namupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi owonjezera magazi. Lamlungu lina masana, titangochoka kutchalitchi, ndinamva amayi aakulu akukuwa dzina langa ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvepo. Ndinawapeza atagwada pakhonde, mwana ali m'manja, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka. Galimoto yomwe inali pafupi inali ya ba Mwape. Iwo anatuluka ndi makiyi asanaitanidwe, akadali m'zovala za kutchalitchi, ndipo anathamangira nawo kuchipatala ku Chongwe, kenako ku Lusaka.

Mapalo anakhala m'chipatala milungu ingapo, Jesi ali pambali pake, amayi aakulu atabwezedwa kunyumba kuti akapume. Jesi anandiuza pambuyo pake kuti madokotala atayeza magazi anamufunsa ngati mwanayo anakhalapo ku Kabwe, tawuni ya mgodi wakale, kapena pafupi ndi pophwanyira mabatire a galimoto. Atakana, anamufunsa ngati pakhomo pali zinthu zakale zopakidwa penti. Anamufotokozera kuti penti wina, makamaka wakale, ankamusakaniza ndi mtovu, chitsulo chomwe chikalowa m'thupi la mwana chimawononga magazi ndi ubongo, ndipo sichinunkha konse.

Loweruka lotsatira Jesi anatsika minibasi ndi mwamuna wake. Sanapereke moni. Analowa molunjika kuchipinda chaching'ono, ife tikumutsatira, naima pa kabedi kaja. Anayendetsa chala pa thabwa la pamwamba, pomwe timano ta Mapalo tinakumba mpaka mtengo kuoneka.

"Amai, penti wa apa anayenda kuti?"

Amayi aakulu anasendera pafupi, nagwira mpanda wa kabediko.

"Nifunsa imwe. Ali kuti?"

"Jesi, aka kabedi ninakatsuka na madzi owira. Ninakaanika. Sikanunkha olo pang'ono, nunkhiza wekha."

"Sivinunkha, amai! Adokota akuti ivi sivinunkha! Vili m'magazi mwake, vili mu mutu mwake. Munanilanda mwana ati ku Lusaka nizamupha na wadiropu."

Ba Chanda anamugwira mkono. "Amake Mapalo, pang'onopang'ono. Ba mayo sanadziwe."

"Sanadziwe? Nanga vamene anali kutiphunzitsa tonse masiku onse vinali vichani?"

Amayi aakulu anakhala pansi, pasimenti. Anayang'ana manja awo, m'zikhadabo mukadali fumbi loyera. "Koma chifuwa chinatha," anatero. Anabwerezanso, motsitsa, ngati akufunsa. Jesi anasonkhanitsa zovala za mwana n'kuziika m'chikwama. Ba Chanda anapala penti pang'ono ndi kampeni, natapa dothi la pakhonde m'kapulasitiki monga anawauzira kuchipatala, ndipo potsanzika anagwada. Jesi sanatsanzike. Zotsatira zitatuluka, ba Chanda ndiwo anaimba foni, ndipo anaimbira ine kuti ndikanene. Mtovu unapezeka m'pentimo ndi m'dothi momwe.

Mapalo anatuluka m'chipatala, koma sanabwerere mwakale. Anachedwa kulankhula, ndipo atayamba sukulu zophunzira zinkalowa lero n'kutuluka mawa. Jesi sanamubweretsenso kudzakhala kuno.

Amayi aakulu anafuna kutentha kabedi kaja, koma wa zaumoyo yemwe anabwera kudzaona pakhomo anawaletsa, nati utsi wake ndi poizoni. Anakakulunga m'mapulasitiki pamodzi ndi zitseko zija, ndipo zinatengedwa pa galimoto. Dothi la pabwalo analipala okha ndi khasu, akulinyowetsa, atamanga nsalu kumphuno, osalola munthu kuwathandiza. Kenako anachita chinthu chomwe ambiri tinawaletsa. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kulikonse komwe kunapita chinthu chawo chokhala ndi penti wakale, kukapempha kuti achibweze ndipo iwo apereke china m'malo mwake. Pakhomo lililonse ankafotokoza nkhani yonse osabisa kanthu, kuyambira pa kabedi mpaka pa magazi a mdzukulu wawo.

"Amai akulu, anthu azakamba," ndinawauza. "Nenani chabe kuti mufuna kukonzanso."

"Akambe. Nikanama azakana, ndiye mwana wina atafune."

Anthu anakambadi. Ena anabweza, ena anawathamangitsa poganiza kuti akufuna kuwalanda matebulo mwachinyengo. Koma nkhani yomwe inayenda kwambiri inali ina. Ya mtovu inali yovuta kuimvetsa, ya ufiti inali yosavuta. Kunamveka kuti Amake Mipando anapereka nzeru za mdzukulu wawo kuti malonda ayende, ndi kuti katundu wawo yense ndi wa anthu akufa. Ana anasiya kudutsa pakhomo pawo. Kutchalitchi, benchi lomwe ankakhalapo linayamba kukhala ndi malo ambiri. M'mawa wina tinapeza mipando yomwe anagulitsa kalekale itaponyedwa pa geti, yothyoledwa miyendo. Anaitola okha, naiunjika kuseri kwa nyumba.

Amene anaimirira pa msonkhano wa chigwirizano kunena kuti zimenezi n'zabodza anali ba Mwape. Ananena mwachidule ndiponso mokwiya, kuti iwo ndi amene ananyamula mwana uja, ndipo anaona nkhope ya ambuya ake njira yonse, kotero wofuna kunena za ufiti akanene kunyumba kwawo maso ndi maso. Patapita masiku anawoloka msewu kudzagula tebulo la chitseko cha mukwa, nalinyamulitsa masana dzuwa lili pamutu kuti onse aone. Amayi aakulu sanathokoze. Anangowauza kuti asakaliike pafupi ndi kabati yawo ya utuchi ija. Ba Mwape anaseka mpaka misozi, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera masiku ena kudzakhala pakhonde, awiriwo akukangana za china chilichonse.

Ntchito sanaisiye, ngakhale ogula anachepa, koma inasintha. Chopakidwa penti sankachilandiranso ngakhale chaulere. Ankafuna thabwa loti aone mtima wake, kulitsuka, kulisalaza, n'kulipukuta ndi phula la njuchi basi. Chizolowezi chonunkhiza mipando chinatha. Ankangoigwedeza. Tsiku lina ndinawamva akuuza mayi woyembekezera yemwe anabwera kudzafuna kabedi kuti mawindo azitsegula ndithu, katundu watsopano azimuanika ndithu, koma za pogona mwana akafunse kwa anthu odziwa, chifukwa iwo ndi nkhalamba yomwe inkayesa mphuno ndi dokotala. Mabedi a ana sanawagwirenso.

Atamva kuti Mapalo wayamba sukulu, anamupangira kadesiki ka mukwa wosapaka kanthu, kuchokera ku benchi lakale la tchalitchi. Anakasalaza mpaka kumaterera ngati sopo. Ba Chanda anabwera kudzakatenga, nanena kuti n'kokongola kwambiri. Patapita nthawi ndinakaona ku Lusaka, kali kuseri kwa nyumba, pamwamba pake pali mbaula ndi thumba la makala. Amayi aakulu atandifunsa ngati mwana akulemberapo, ndinati kalipo, ndinakaona. Anandiyang'ana, osafunsanso.

Amayi aakulu anamuonanso Mapalo kamodzi kokha. Banja la Jesi linkachokera ku maliro ku Petauke, ndipo ba Chanda anakhotetsa galimoto pa Chongwe kuti adzere kuno. Jesi anatsika, napereka moni ataimirira ngati mlendo. Mapalo anali atatalika, wokongola, wamanyazi, atagwira chitseko cha galimoto osafuna kuchisiya. Amayi aakulu analowa m'nyumba mofulumira n'kutuluka ndi mbale ya malalanje.

"Tadya kale," anatero Jesi.

"Ni va mu mtengo, Jesi. Vili na makoko."

Jesi anayang'ana kumbali. Amayi aakulu anagwada pamaso pa mdzukulu wawo, nkhalamba kugwadira mwana, namufunsa ngati akuwadziwa. Mapalo anayang'ana amayi ake, kenako ambuya ake, nafunafuna mawu nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Pomaliza anati, "Muli bwanji, ba anti."

"Nili bwino, amama," anayankha. "Nili bwino."

Galimoto itapita anakhala pomwepo atagwada, mbale ili m'manja, mpaka ndinapita kukawadzutsa.

Jesi sindimuweruza. Ndi iye amene ankakhala pansi ndi mwana madzulo aliwonse kubwereza zilembo zomwezomwezo, ndi iye amene ankaitanidwa kusukulu, ndi iye amene ankaona anzake a Mapalo akupita patsogolo wake akutsalira. Anandiuza kamodzi kuti akudziwa kuti amayi ake sanachite dala, ndiponso kuti akanapanda kuumirira kwawo mwina chifuwa chija chikanamutenga mwana. Koma anati akangoona nkhope yawo amaona thabwa lotafunidwa lija, ndipo mtima umakana ngakhale mutu ukuvomera.

Matenda awo omaliza sanatenge nthawi. Anagwa pakhonde akuwongola mwendo wa mpando, mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka, mawu anawathawa. Jesi anabwera kuchipatala ku Chongwe tsiku lomwelo. Anawasambitsa, anawadyetsa phala, anawadula zikhadabo, osalankhula zambiri. Amayi aakulu ankamutsatira ndi maso kulikonse komwe wapita m'chipindamo, akuyesa kunena china chake chomwe sichinkatuluka. Jesi ankawapukuta pakamwa n'kumati, "Pumulani, amai, muzakamba mawa." Sanafike poti n'kukamba.

Pamaliro, monga timachitira, katundu yense anatulutsidwa panja kuti amayi akhale pansi m'nyumba. Bwalo linadzaza. Amuna ena omwe ndinawamva ndi makutu anga akunena za ufiti anakhala pa mipando ya malemu akuwotha moto, mmodzi mpaka kuyamikira kulimba kwake. Achibale a ku Katete anali atasankha kale ndi maso, ndipo tsiku logawa katundu zinthu zinayenda mofulumira. Jesi atafunsidwa chomwe akufuna kutenga, anati alibe malo. Koma pamanda ndi iye amene anachita kugwiridwa mbali zonse ziwiri kuti asagwe. Mapalo anaima pambali pa atate ake atanyamula nkhata ya maluwa, akudikira kuti wina amuuze poika.

Sabata yatha ndinatenga kiyi kukatsegula nyumbayo, chifukwa kunkabwera munthu wa ku Lusaka wofuna kugula malowo. Akuti adzaigwetsa n'kumanga timanyumba ta lendi ta ophunzira. Udzu wauma pabwalo ponse, ndipo chiswe chakwera mizati ya khonde mpaka kudenga. Chitseko chinalimba, ndinachita kuchikankha ndi phewa. Sindinkadziwa kuti chipinda chochezera chija n'chachikulu chotero. Pa simenti yofiira, pomwe polishi sankafika, patsala zizindikiro za miyendo, timabwalo ndi timakona totuwa, zina zoyandikana, zina zotalikirana, mpaka kukafika kukhoma. M'khoma muli mabowo a misomali okhaokha. Kuchipinda chaching'ono kulibe chizindikiro chilichonse, chifukwa pansi pake anapakwecha mpaka simenti kuyera. Nditatsokomola nyumba inabweza mawu, chinthu chomwe sinkachita kale. Wogula uja anachedwa. Miyendo itatopa ndinayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala, kenako ndinayala chitenje pansi pakati pa zizindikiro zija, n'kumudikira.